Nambala ya P: chilolezo chenicheni cha bizinesi yopopera mankhwala a tizilombo ku Joni

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, mnyamata wina wakwathu anandikokera pambali n'kutulutsa foni m'thumba. Nkhope yake inali yowala. Pafonipo panali satifiketi ya kampani yochokera ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, dzina lake lili poyera ngati dayilekitala. "Achimwene, zatheka," anatero. "Sipuleya ya malita 16 ndagula kale, ovolosi ndi magambuti zilipo. Mawa ndiyamba kumata timapepala ta nambala yanga m'mageti." Ndinamuyamikira kuchokera pansi pa mtima, chifukwa kusunga marandi mpaka kufika pamenepo, uku ukulipira lendi uku ukutumiza kangachepe kumudzi, si chinthu chapafupi. Kenako ndinamufunsa kuti, "Nanga nambala ya P muli nayo?" Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Nambala ya chiyani, achimwene?"

Mnyamatayu sanalakwitse posankha ntchito. Aliyense amene wagonako m'mafulati akale a ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville amadziwa mmene mphemvu zing'onozing'ono zija zimathamangira ukangoyatsa magetsi usiku, ndiponso mmene nsikidzi zimayendera ndi matiresi a kaunjika kuchoka nyumba ina kupita ina. Ku Alexandra ndi ku Diepsloot makoswe amayenda masanasana. M'mayadi a anthu olemera kumpoto kwa mzindawu chiswe chimadya kapinga ndi matabwa. Malesitilanti, mabekari, mabutchala ndi masukulu a mkaka amafuna munthu wobwera mwezi ndi mwezi. Makasitomala alipo ndipo sadzatha. Chimene iye sanadziwe, monganso ambiri a ife amene timalowa ntchitoyi kudzera mu ganyu, n'chakuti pepala la CIPC limangobereka kampani. Silipatsa munthu aliyense ufulu wolowa m'nyumba ya mnzake ndi poizoni.

Chilolezo chili pa munthu, osati pa kampani

Ntchitoyi kuno ku South Africa imayendetsedwa ndi lamulo lakale kwambiri, la mu 1947, dziko lathu likadali Nyasaland. Dzina lake lonse ndi Fertilizers, Farm Feeds, Agricultural Remedies and Stock Remedies Act, koma anthu a ntchitoyi amangoti Act 36. Ambiri amadabwa kumva kuti woyang'anira wopopera mphemvu mu Mayfair si khonsolo ya mzinda kapena unduna wa zaumoyo, koma unduna wa zaulimi. Chifukwa chake n'chakuti pamaso pa lamuloli, mankhwala ophera mphemvu, nsikidzi ndi makoswe ali m'gulu limodzi ndi mankhwala a mbozi za m'chimanga. Mkulu amene amalembetsa mankhwalawo, ndiponso anthu owagwiritsa ntchito polipidwa, amatchedwa Registrar, ndipo ofesi yake ili ku Arcadia mumzinda wa Pretoria.

Gawo 7 la lamuloli likunena mosapita m'mbali. Munthu sangagwiritse ntchito mankhwala amenewa kuti alandirepo malipiro pokhapokha ngati ali wolembetsedwa ngati pest control operator, kapena ngati akugwira ntchitoyo wolembetsedwayo ali pomwepo ndipo akumuyang'anira. Wolembetsedwa amapatsidwa satifiketi yokhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo cha P. Nambala imeneyi ndi ya munthuyo, ngati laisensi yoyendetsera galimoto. Akasiya ntchito pa kampani ina amapita nayo. Mu February 2011 boma linatulutsa malamulo ang'onoang'ono ofotokoza mwatsatanetsatane za kalembetsedwe ndi kagwiridwe ntchito ka anthuwa, ndipo ndi amene akutsatidwa.

Mawu akuti "ali pomwepo" ndi amene amapunthwitsa anthu ambiri. Pali chizolowezi chimene ndachiona kangapo, chobwereka nambala. Munthu amalipira wolembetsedwa wina kangachepe pamwezi kuti azilemba nambala yake pa makoteshoni ndi pa malisiti, mwini nambalayo ali phee kwawo, sadziwa ngakhale msewu umene ntchitoyo ikuchitikira. Zimenezi n'zosemphana ndi lamulo kwa onse awiri. Tsiku limene mwana wa kasitomala adzakomoke, mwini nambala adzakana kuti sakukudziwani, ndipo adzakhala akunena zoona pang'ono, chifukwa sanaone chimene munathira m'sipuleyamo. Njira yovomerezeka ilipo kwa munthu amene ali ndi ndalama koma alibe nambala: atha kukhala mwini kampani, n'kulemba ntchito munthu wolembetsedwa amene azikwera nawo galimoto kupita ku ntchito iliyonse. Mukakhala ndi magulu awiri opita mbali ziwiri tsiku limodzi, olembetsedwa akhalenso awiri.

Nambala ya P siitsegulanso zitseko zonse. Munthu amalembetsedwa pa nthambi imene anaphunzira. Nthambi imene ambiri timayambira ndi ya structural, kutanthauza tizilombo ta m'nyumba ndi m'malo a bizinesi: mphemvu, nyerere, nsikidzi, utitiri, ntchentche, makoswe. Palinso nthambi ya kupha udzu ndi tchire m'mbali mwa misewu ndi m'mafakitale, ya kapinga ndi maluwa, ya minda ndi nkhalango, ya kuteteza matabwa, ngakhale ya kupopera ndi ndege.

Nthambi imodzi ndiyofunika tiimepo pang'ono. M'misewu ya Joni aliyense amati "fumigation" akamanena za kupopera kulikonse, ndipo timapepala tomata m'mapolo timalembedwa choncho. Pa lamulo, mawuwa amatanthauza chinthu china: kutseka malo kapena katundu n'kutulutsiramo mpweya wapoizoni, monga zimachitikira m'nkhokwe zikuluzikulu za chimanga ndi m'makontena. Ife a ku Malawi timawadziwa mapilitsi otuwa aja amene anthu ena amaponya m'matumba a chimanga poopa anankafumbwe. Mapilitsiwo ndi aluminium phosphide, ndipo akakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa phosphine. Mpweya umenewu suona khoma la bolodi, umadutsa m'siling'i, m'mipata ya mapaipi ndi pansi pa chitseko. Ganizirani nyumba za ku Turffontein zimene chipinda chimodzi chinagawidwa patatu ndi mabolodi ndi makatani. Wina aike mapilitsiwo pansi pa bedi kuti aphe nsikidzi, atseke chitseko apite kukagona kwa mnzake. Amene adzaupume usiku wonse ndi khanda la kuseri kwa bolodi, ndipo kuchipatala kulibe mankhwala osukulutsa poizoni ameneyu. Ichi n'chifukwa chake nthambi imeneyi ili ndi maphunziro akeake, ndipo munthu wa structural saloledwa kuigwira. Kasitomala akakupemphani mapilitsiwo, ngakhale atawonjezera ndalama, kanani.

Njira yopezera nambalayo

Poyamba ndi sukulu. Pamafunika kosi ya ntchitoyi yochokera ku sukulu yovomerezeka, ndipo bungwe loona za maphunziro a ntchito zaulimi, AgriSETA, ndi limene lakhala likuvomereza makosi otere. Masukulu odziwika bwino m'ntchitoyi ndi monga Pest Control Industries Training Academy, imene anthu amangoti PCITA, ndi Pest Management Academy. Musanalipire paliponse, funsani funso limodzi ndipo yankho lake likhale lolembedwa: kodi satifiketi yanuyi a Registrar wa Act 36 amailandira polembetsa nambala ya P, ndipo pa nthambi iti? Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumayenda zotsatsa za makosi a tsiku limodzi okhala ndi satifiketi zokongola za mphepete zagolide. Safunsa anadya phula.

Kosi yokha siikwanira. Akamaliza kuphunzira, munthu amayenera kugwira ntchito pansi pa wolembetsedwa, kawirikawiri miyezi 6 pa nthambi ya structural, ndipo wolembetsedwayo amachitira umboni molumbira kuti munthuyu wagwiradi ntchito zakutizakuti. Langizo langa n'lakuti mugule kope lachikuto cholimba tsiku loyamba lomwelo. Muzilemba deti, malo, kachilombo kamene munapeza, mankhwala amene munathira ndi muyeso wake, abwana azisainira sabata iliyonse. Ine ndinagwirapo chaka chathunthu pa kampani ina popanda kulemba kalikonse. Pamene ndinkafuna umboni, amene ankandiyang'anira anali atasamukira kutali, foni yawo yosagwira, ndipo ndinayambiranso pachiyambi.

Zikatero mumadzaza fomu ya ku unduna. Pamodzi ndi fomuyo pamapita makope a satifiketi zanu ndi a chiphaso chanu odindidwa kupolisi, umboni wa ntchito uja, lisiti yosonyeza kuti mwalipira ndalama yolembetsera, ndi lipoti la dokotala lotsimikiza kuti thupi lanu lingathe ntchito ya mankhwala. Ndalama yolembetsera imasinthasintha, choncho onani mtengo wa chaka chimenecho musanapite kubanki. Lipoti la dokotala musalitenge ngati mwambo chabe. Mankhwala a gulu la organophosphate amafooketsa mphamvu ina ya m'magazi yotchedwa cholinesterase pang'onopang'ono, munthu n'kumangoti ndi mutu wamba kapena kutopa. Ndi bwino kuyezetsa musanayambe, kuti mukadzayezetsanso m'tsogolo padzakhale pofananizira. Satifiketi ikatuluka imakhala ndi deti yothera, ndipo imayenera kukonzedwanso nthawi isanakwane.

Amene muli ndi MSCE kapena dipuloma ya kumudzi, bungwe la SAQA ndi limene limaunika mapepala akunja n'kunena mulingo wake kuno. Amene munagwirapo ntchitoyi ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi chilolezo cha Pesticides Control Board ya ku Bvumbwe, luso lanu lidzakuthandizani m'kalasi, koma chilolezocho chimathera m'malire a Malawi. Chimene chimagwetsa anthu pamayeso nthawi zambiri si sayansi yozama. Ndi kuwerenga lebulo ya Chingerezi mofatsa ndi masamu a muyeso. Tiyerekeze kuti lebulo ikuti mamililita 50 pa malita 5 a madzi, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16. Muthira angati? Amene amayeza ndi chivindikiro cha botolo, n'kuwonjezera pang'ono "kuti agwire bwino", ndi amene amadwalitsa anthu.

Nkhani ya mapepala okhalira m'dziko

Apa ndi pamene pamawawa, ndipo sindikufuna kukubisirani. M'Malawi akalowa ndi pasipoti pa Beitbridge kapena pa OR Tambo amapatsidwa masiku 30 ngati mlendo. Chidindo chimenecho sichilola kugwira ntchito kapena kuchita bizinesi. CIPC imalola munthu wakunja kukhala dayilekitala wa kampani pogwiritsa ntchito pasipoti, ndipo izi zimasokoneza ambiri, amaganiza kuti poti boma lavomera kampani ndiye kuti lavomeranso kuti iwo aziigwirira ntchito. Ayi, amenewa ndi maofesi awiri osiyana. Za kukhala ndi kugwira ntchito zili m'manja mwa Home Affairs, pansi pa Immigration Act ya mu 2002.

Viza ya bizinesi imafuna kuti munthu alowetse R5 miliyoni m'bizinesiyo, ndiponso kuti antchito 60 pa 100 alionse akhale nzika kapena anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika. Kwa munthu wa sipuleya imodzi ndi baki (kagalimoto ka pikapu) yakale, khomo limenelo n'lotseka. Amene njira yawo ili yotseguka ndi amene ali ndi permanent residence, chilolezo chokhazikika chija, ndi amene ali pabanja ndi nzika ya kuno ndipo viza yawo inadindidwa kuti atha kugwira ntchito kapena kuchita bizinesi. Amene ali ndi viza ya ntchito akumbukire kuti imawamangirira kwa bwana amene analembedwa pa vizayo, siilola kutsegula zawozawo kumbali.

Ndikudziwa kuti ena amalembetsa kampani m'dzina la mnzawo wa kuno, iwo n'kumagwira ntchito kuseri. Bizinesi ikayamba kulowetsa ndalama, akaunti ya kubanki, baki ndi makontirakiti zonse zimakhala za mwini dzina, ndipo tsiku lokangana mulibe poti n'kukadandaula. Mapemiti ogula kwa madobadoba ndiye oopsa kuposa pamenepo, chifukwa fomu ya nambala ya P imapita ku ofesi ya boma ndi kope ya mapepala anu omwewo. Ngati mapepala sanalongosoke, yambani ndi amenewo, ndalama ya kosi isunge kaye.

Za kampani, msonkho ndi khonsolo

Mbali iyi ndi yopepukirapo. Kulembetsa kampani pa BizPortal, tsamba la pa intaneti la CIPC, ndi pafupifupi R175 pamodzi ndi kusungitsa dzina, ndipo chaka chilichonse mumapereka annual return, lipoti la pachaka la kampani, kuti kampaniyo isafafanizidwe. Nambala ya msonkho ya SARS, bungwe lotolera misonkho, imabwera ndi kampaniyo. Tsegulani akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya m'thumba mwanu. Mukalemba munthu ntchito, mulembetseni ku UIF, thumba la boma lothandiza wantchito ntchito ikamuthera, ndipo kampani ilembetsedwe ku Compensation Fund motsatira lamulo la COIDA la mu 1993, limene limalipira wantchito akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Kumeneko kumachokera letter of good standing, kalata imene makampani akuluakulu ndi oyang'anira makompuleksi amaifunsa musanatsitse n'komwe sipuleya m'galimoto. Inshuwalansi ya public liability, yolipira anthu ena ntchito yanu ikawavulaza kapena kuwawonongera katundu, amaifunsanso. Ndipo ngakhale asanaifunse, ganizirani tsiku limene galu wa mtengo wapatali wa kasitomala adzadye nyambo ya makoswe. Ofuna makontirakiti a boma amalembetsanso pa Central Supplier Database, kaundula wa ochita bizinesi ndi boma.

Anthu amafunsa kawirikawiri za "laisensi ya khonsolo". Businesses Act ya mu 1991 imafuna laisensi makamaka kwa ogulitsa zakudya ndi malo ena achisangalalo ndi osamalira thupi, ndipo kupopera tizilombo sikuli pa mndandanda umenewo. Komabe City of Johannesburg imakukhudzani m'njira zina. Malo amene mukuchitira bizinesi ayenera kugwirizana ndi zoning ya deralo, kutanthauza malamulo a khonsolo onena zimene zingachitike pamalopo, ndipo kuchitira bizinesi pakhomo kuli ndi malire ake. Oyendera zaumoyo a khonsolo, amene amapezeka m'zigawo zonse 7 za mzindawu kuyambira Region A mpaka G, ali ndi mphamvu yoona mmene mukusungira mankhwala. Mukamasunga zinthu zambiri zosachedwa kuyaka, a zozimitsa moto amafunanso chilolezo chawo.

Kusunga mankhwala ndi vuto lenileni kwa ife amene timakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, momwe mphika, bedi ndi yunifolomu ya mwana zili malo amodzi. Mankhwala amafuna kachipinda kapena kabati yachitsulo yokiyidwa, yopita mphepo, kunja kwa malo ogona, kutali ndi ufa ndi ndiwo, ndipo alandilodi adziwe. Mu baki akhale m'bokosi lokiyidwa kumbuyo, osati pampando pamene mumaika nkhomaliro. Ovolosi ya kuntchito isachapidwe m'beseni limodzi ndi matewera. Muyezo wa SANS 10206 umafotokoza za kasungidwe ndi katayidwe ka mankhwalawa, ndipo lamulo la chitetezo cha pantchito la mu 1993 limakakamiza bwana kupereka masiki oyenera, magolovesi ndi maphunziro kwa antchito ake. Kansalu komanga pamphuno si masiki.

Kugulitsa mankhwala ndi nkhani ina

Nambala ya P imakulolani kugwiritsa ntchito mankhwala. Siikulolani kuwagawa m'timabotolo n'kumagulitsa. Mankhwala alionse ovomerezeka ali ndi nambala yawo pa lebulo, yoyamba ndi chilembo cha L, pambali pake palembedwa Act 36 of 1947. Lebuloyo ndi lamulo payokha: ikati mankhwalawa ndi a m'munda wa mbatata, kuwathira m'khitchini ndi mlandu. Ogulitsa mankhwala oopsa kwambiri, a Group I, amafunika laisensi ina ya unduna wa zaumoyo pansi pa Hazardous Substances Act ya mu 1973. Ndipo malamulo amene anatuluka mu August 2023 anakhazikitsa gulu la mankhwala otchedwa restricted, amene sitolo imayenera kugulitsa kwa anthu olembetsedwa okha. Ndiye kuti popanda nambala ija, ngakhale kugula mankhwala ena a ntchito yanu kudzakuvutani.

Chifukwa chimene boma laumitsira zinthu tonse tikuchikumbukira. Mu October 2024 ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira atadya tinthu togula pa spaza, kagolosale kakang'ono ka m'lokeshoni. Nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti chimene chinawapha ndi terbufos, mankhwala a m'minda amene amagulitsidwa mobisa m'misewu ndi m'marenki a matakisi ngati ophera makoswe. Anthu a m'malokeshoni amawatchula kuti halephirimi, kutanthauza kuti wowamwa dzuwa silimulowera. Pa 15 November chaka chomwecho Pulezidenti Cyril Ramaphosa anayankhula ku mtundu wonse, nanena kuti ana osachepera 22 anali atamwalira, ndipo mwa maspaza 84 amene anayezedwa ku Naledi, atatu anapezeka ndi zizindikiro za terbufos. Analamula kuti maspaza onse alembetsedwe. Mu June 2025 nduna za boma zinavomereza kuti terbufos aletsedwe. Mnzake wa terbufos ife timamudziwa bwino kwathu: tameki, timibulu takuda tija. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, kuno amati two-step, ndipo analetsedwa m'dziko muno kuyambira 2016.

Tonse tinaona mmene mkwiyo unagwera anthu obwera masiku amenewo, olakwa ndi osalakwa omwe. Ine mtima umandiwawa ndikaona m'bale wathu atayala timapaketi ta timibulu takuda ndi mabotolo a zakumwa odzaza madzi oyera ngati mkaka, opanda lebulo, pafupi ndi mayi wogulitsa magwinya. Ndikudziwa kuti ndi njala imene yamuika pamenepo. Koma botolo lotero likafika m'nyumba, mwana wa zaka zitatu amaliona ngati chakumwa, ndipo adokotala akafunsa kuti wamwa chiyani palibe amene angayankhe.

Tsiku la ntchito likafika

Malamulo a 2011 aja amafuna kuti musanayambe kupopera mupatse mwini malo chidziwitso cholembedwa: dzina lanu ndi nambala ya P, dzina la mankhwala, kuopsa kwake, ndi zimene anthu ayenera kuchita kuti adziteteze. Mumayeneranso kusunga mbiri ya ntchito iliyonse. M'malo ophikira ndi ogulitsira zakudya, pepala limeneli ndi limene kasitomala akugula kwenikweni. Malamulo a ukhondo wa zakudya a R638 a mu 2018 amafuna kuti malo otere akhale ndi Certificate of Acceptability ndiponso njira yothanirana ndi tizilombo, ndiye woyendera akabwera amatsegula fayilo n'kuona amene anapopera, liti, ndi chiyani. Lesitilanti siingaike m'fayilo imeneyo lisiti ya munthu wopanda nambala. Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa wopopera wa R200 pachipinda, amene mawa ayambiranso kusaka kasitomala, ndi munthu wa kontirakiti ya chaka.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'ntchito yathu mwambiwu ndi weniweni, chifukwa kachilombo kamakhala pakati pa zinthu zimene sitifuna kuswa. Ndikukumbuka tsiku lina ku Jeppestown, tikugwira ntchito m'chipinda cha mayi wina wa mwana wakhanda. Abwana amene ankandiphunzitsa anayamba ndi tochi, osati sipuleya. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa filiji, kumene injini imafunditsa, ndipo mphemvu zinali zitaunjikana pamenepo ndi m'mahinjesi a kabati. Mayiwo anati, "Bambo, thirani paliponse, ngakhale pabedi pomwe, ndatopa nazo." Abwanawo anayankha mofatsa kuti, "Mayi, pabedi pamagona mwana. Mphemvu zikugona apa." Anadontheza timadontho ta jeli tating'ono ngati njere za mapira m'ming'alu momwe dzanja la mwana silingafike, anawauza akonzetse mpopi umene unkadontha pansi pa sinki ndi kuti mbale zisamagone zosatsuka, nalemba tsiku lobweranso. Sipuleya inabwerera m'galimoto osatsegulidwa. Zimenezi ndi zimene miyezi 6 ija imaphunzitsa.

Makoswenso chimodzimodzi. Nyambo imaikidwa m'timabokosi tokiyidwa tokhomeredwa kukhoma, osati kumwaza pansi. Khoswe wodya poizoni akagwidwa ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, poizoniyo amapitirira. Ku Alexandra kunayesedwapo njira yoika mabokosi a akadzidzi m'masukulu kuti azidya makoswe. Anthu ena anaikana chifukwa cha mantha amene ifenso tinakula nawo pa mbalame imeneyi, koma wopopera wophunzira amadziwa kuti kadzidzi ndi mnzake pantchito, ndipo amaika nyambo mosamala poganizira iyenso.

Zigubu zikatha muzitsuke katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, kenako muziboole kuti wina asadzatungiremo madzi akumwa, n'kuzipereka kumalo osonkhanitsira zigubu zotere. Bungwe la CropLife South Africa limathandiza kulozera malo amenewa. Mankhwala otsala asathiridwe m'ngalande, pakuti ngalande zambiri za kumpoto kwa mzinda uno zimakathera mu Jukskei. Nambala ya Poisons Information Helpline, 0861 555 777, ikhale m'foni mwanu ndiponso pa pepala lililonse limene mumasiyira kasitomala. Imayankhidwa usana ndi usiku.

Za SAPCA, bungwe la makampani a ntchitoyi m'dziko muno, kulowamo si lamulo, ndipo umembala wake sulowa m'malo mwa nambala ya P. Koma makasitomala akuluakulu ambiri amaufunsa, ndipo kumeneko mumamva msanga malamulo akasintha. Mukakhazikika, lowani.

Mnyamata wa ku Rosettenville uja mapepala ake okhalira ali bwino, mayi wakunyumba kwake ndi wa konkuno ndipo viza yake imamulola kugwira ntchito. Tinakhala pansi masana amenewo pa benchi ya kuseri kwa tchalitchi mpaka tiyi anazizira. Zinamuwawa kumva kuti timapepala take tidikire kaye, ndipo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa mtengo wa kosi. Pano analembetsa kosi ya structural, ndipo masiku a ntchito amakwera baki ya kampani ina ya ku Randburg ngati wothandizira, pambali pa bambo wina wachikulire amene ali ndi nambala yake. Kampani yake ya ku CIPC ilipobe, akuilipirira annual return kuti isafe. Sabata yatha anandionetsa kope lake lachikuto chakuda: masamba 11 adzaza kale, lililonse lili ndi siginecha ya bambo aja pansi pake.